Kapepala Kamodzi pa Sabata

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Masamu ndinalephera. Zotsatira za mayeso zitatuluka, amayi ndinawauza kuti dzina langa lachedwa, akukonza kulikulu. Anakhulupirira, poti ine sindinali mwana wabodza, ndinali mwana wachete.

Nthawi imeneyo zonse zinandigwera pamodzi. Bambo anali chigonere mwezi wachitatu, mwendo utatupa ngati pilo. Mng'ono wanga ankakodza pogona, wochapa ndine. Anzanga ankatumizirana zithunzi za makoleji awo. Kupemphera ndinasiya. Ndikati ndiyambe, mavuto ankathamangira kukamwa onse pamodzi ngati anthu olimbirana chitseko cha basi, osapezeka wodutsa.

Chochititsa manyazi n'chakuti mapemphero a anthu ena ndinkalemba ndine. Kutchalitchi kwathu, Lachitatu masana, anthu amaponya timapepala ta zopempha m'bokosi, abusa n'kumazipempherera. Popeza ndimalemba zooneka bwino, anandiika patebulo la pakhomo kuti ndizilembera osadziwa kulemba.

Pankabwera mayi wina wochapa zovala m'nyumba za anthu, tinkawatchula Anasopo. Manja ong'ambika, amuna awo osaona, ana asanu. Lachitatu lina anaima patebulo panga.

"Lemba, mwanawe. Msana."

"Msana basi? Nanga abambo kunyumba?"

"Amenewo ndinawalembetsa sabata yatha. Ukuyesa Mulungu ndi woiwalaiwala ngati iwe?"

"Koma pepalali likadali ndi malo."

"Ndiye ulidzaze kuti ndikomoke? Pochapa suviika mulu wonse m'beseni, umathyoka nawo. Umatenga malaya amodzi. Mulu wotsalawo Mwini wake akuuona." Anandisuzumira kumaso. "Nanga iwe kalaliki, kako kapepala kali kuti? Ngati ulibe mavuto unene, ndikugawireko."

Azimayi a pamzere anafa nacho chiseko. Ine ndinangoti maso pa bolopeni.

Onse atalowa, ndinang'amba kapepala kanga. Dzanja linkafuna kulemba mpaka kuseri, koma ndinayamba ndasankhula kaye. Mwendo wa bambo uli m'manja mwa adokotala ndi Mulungu. Mng'ono wanga adzakula. Makoleji sakugwa mawa. Changa chenicheni chinatsala chimodzi, ndipo chili chokhachokha choncho sichinaoneke chachikulu ngati kale. Ndinalemba kuti, "Ambuye, nditsekuleni pakamwa." Ndinakapinda kawiri, m'bokosi ponyu.

Kunyumba ndinapeza amayi pakhonde, ali pa makina osokera, mapini kukamwa. Anawalavulira m'dzanja.

"Mwabwera, abusa aang'ono? Tandilowetsera ulusi, maso anga akana."

Ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi. Mpaka lero ndimanyadira zimenezo: ine amene ndimaopa ngakhale kufunsa njira, sindinaphonye bowo la singano. Amayi anayambanso kupalasa, makina ali phokoso. Ndikanatha kunong'ona pamenepo, mawu n'kumezedwa, ine n'kudzinamiza kuti ndanena. Sindinatero.

"Amayi, taimitsani kaye."

Phazi lawo linaima. Chipinda cha bambo chinali chotsekula, nawonso ankamva. Sindinatsitse mawu.

"Dzina langa silinachedwe ayi. Masamu ndinalephera, ndipo ndinakunamizani. Ndikufuna ndikalembenso."