Pepala Lobooka la a Khwekhwe

Masabata asanu anatha a Khwekhwe akuyenda njira imodzimodzi ya m'nkhalango, pepala lili m'manja, osaona ngakhale ndowe ya mbawala. Dzinali analitenga kale, nthawi imene ankatchera nyama ndi mawaya. Tsopano anali pa maphunziro a alonda a nkhalango, kuphunzira kuwerenga nyama ndi mapazi ake. Okhoza okha ndiwo adzalembedwe ntchito.

Anzawo ankabwera ndi mapepala odzaza. Lawo linali mbee!

"Bambo a ana, ingolembani zitatu," anatero akazi awo akutsuka mbale. "Kodi mbawala idzabwera ku ofesi kudzakutsutsani?"

"Nanga akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Munazitha nokha, lero mukufuna zikupatseni moni? Anawa adya pepala loyeralo?"

Mawuwo anawalasa. Anakhala pakhomo, nalemba 3. Anachiyang'ana chilembocho nthawi yaitali, kenako anafufuta mpaka pepala linabooka.

M'mawa mwake analowa m'kalasi atazyolika, ngati akupita ku maliro awo omwe. Mphunzitsi wawo, mayi wa magalasi, anakweza pepalalo n'kusuzumira pabowopo.

"Apa padutsa chiswe kapena bodza, achimwene?"

Onse anafa ndi phwete. A Khwekhwe anangoyang'ana nsapato zawo.

"Bodza, mayi, koma ndalichotsa. M'njira mwangamo mulibe kanthu. Ndinazipha ndine. Ndivule yunifolomu?"

Mayiwo sanaseke. Anapita pa mapu, nazunguliza njirayo ndi cholembera chofiira.

"'Palibe' ndi yankhonso. Mukanalemba zitatu, tikanati kuli bwino, osapondako. Mawaya aja akadalipo?"

"Alipo. Ndikudziwa mtengo uliwonse."

"Ndiye mawa mutitsogolera ndinu."

M'mawa mwake iwo ndi anzawo anazula misampha yodzaza matumba awiri. Ina inali ikadali ndi mafupa, ndipo a Khwekhwe tsiku limenelo sanadye. Ntchito anaipeza, koma njira yawo ija inakhalabe zii chaka chathunthu. Sabata ndi sabata ankalemba "palibe", mpaka mawuwo anayamba kuwabwerera kumaloto.

Mvula ya chaka chachiwiri itagwa, anapeza pamatope phazi limodzi la mbawala, laling'ono ngati nsonga ya chala. Anagwada, nalemba 1.

Mlonda wa nkhalango amalemba zimene waona, ngakhale zikhale zowawa. Bala lobisa silionana ndi mankhwala.