Chidutswa Chomaliza cha Ubongo wa Mayi Ake a Tionge

ayi dikirani kaye ndimalize kkkk, za Tionge simunamve. walota masana enieni, pa desiki, nthawi ya bayoloje. wandiuza pa buleki ine kuseka mpaka kutsamwa ndi chitumbuwa

mukuwadziwa amalume ake aja, a Pulofesa Kamphinda, ojambula ubongo ndi makina. anatchuka ndi pepala limodzi lomwe analemba atajambula mutu wa mlongo wawo, mayi ake a Tionge, matenda a maganizo atangowayamba. akuti panopa aliyense wolemba za matendawa, kaya ali dziko liti, amatchula dzina lawo. mayiwo ali pakhomo, sazindikiranso anthu, amene amamuitana ndi dzina watsala Tionge yekha.

ndiye malotowo. Tionge analowa kukhitchini kwawo nkupeza ndi holo ya yunivesite. pakati panali makina aja, ngati mgolo waukulu woyera wogoneka chammbali, mayi ake ali mkati, kunja mapazi okha, sokosi zosiyana mitundu kkkk

makinawo anati, "Mayi, musagwedezeke. Alendo afika."

alendo anali pamzere mpaka kumsewu, anthu ophunzira a maiko onse, majekete oyera okhaokha. aliyense akafika kutsogolo ankawerama nkunena "Kamphinda", basi. akatero amalume ankatalika pang'ono, makina nkutulutsa chidutswa cha ubongo, chotuwa, chopyapyala ngati buledi wodula kale. ntchito ya Tionge inali kuchiika pa mbale zija za mkabati zodyera alendo okha, kugwada, nkupereka ndi manja awiri.

chidutswa chilichonse chinali ndi zake. china chinkanunkhira mvula ya ku Mchinji komwe mayi anakulira. china chinkaimba nyimbo ya kwaya. mzungu wina anapatsidwa tsiku la ukwati wawo, analipinda kanayi nkuliika mthumba la malaya, eti. mlendo akangotuluka nacho mayi ankayankhula mkati muja modekha:

"Chimenecho sindikuchidziwa."

amalume apa nkuti mutu utaboola kale malata kkkkk, mkati mukungooneka bondo ndi lamba. mawu awo ankachokera kumwamba.

"Achemwali, mukuchiritsa anthu ambiri."

"Zikomo, achimwene."

zinapita, zinapita, mpaka kunatsala chimodzi. Tionge atachinyamula anamva chikuitana, "Tionge, lowa kunja kwazizira", mawu a mayi ake enieni, akale aja asanadwale. anachibisa mu juzi.

mlendo womaliza anali mayi wamkulu ndithu, wa imvi, maso ofiira ndi kutopa. anawerama.

"Kamphinda."

Tionge anati, "Pepani, zatha."

makina anati, "Sizinathe."

mlendoyo sanakwiye. anangoti, "Ndachokera kutali. Kwathu odwala akugona mpaka m'makonde. Ndidikira." nkuima pomwepo, manja ali chotambasula.

Tionge anayang'ana kumwamba kuti mwina amalume amuthandiza koma anali atatalika moti sakanamva. chidutswa chija chikuitanabe mu juzi, chikutentha pamimba. ndiye mapazi a mayi ake anagwedezeka koyamba.

"Mwanangu, mlendo sabwerera chimanjamanja pakhomo panga. Gwada."

"Amama, ichi ndi changa."

"Usandichititse manyazi pamaso pa anthu."

anagwada. akuti manja anangopita okha, onse awiri, mmene anamuphunzitsira mayi akewo. mlendo anathokoza, anachikulunga mu mpango wake nkutuluka. chinkaitanabe pakhonde, pa geti chikumveka pang'ono, kenako zii.

basi aphunzitsi kumenya desiki ndi dasitala, iye kudzidzimuka ali chogwada pansi pakati pa kalasi, manja kutsogolo ngati akulandira mgonero kkkkkk kalasi yonse kufa nako kuseka, ngakhale aphunzitsi anatembenukira ku bolodi

ine ndaseka, sindikana. koma mwini wake sanaseke ata, ndipo poweruka wathamanga osatidikira, chikwama ndamunyamulira ine. ndangomulembera pompano kuti aise, wafika? amalume atsika padenga? taonani zomwe wayankha

"ndafika. amama ndawapatsa madzi akumwa, andiyang'ana nthawi yaitali. akuti zikomo anesi. kenako andifunsa kuti kwanu nkuti, mayi anu alipo?"