Makapu Awiri a Mchele

Chilowere m'banja, a Ayubu a ku Buguruni, mu mzinda wa Dar, anali asanagulepo sopo m'sitolo. Akazi awo, a Mwanakheri, ankapanga okha sopo wamadzi wotsukira mbale ndi wochapira, ngakhalenso mafuta odzola a kokonati. Ankati ndalama ya sopo ikagule mabuku a mwana. Mankhwala ankakagula ku Kariakoo, koma fungo ankasakaniza okha m'kabotolo, osauza munthu zomwe athiramo. Fungo limenelo linalowerera m'makatani, m'mikeka yoswalira, mpaka m'kolala za malaya.

Mayiwo atamwalira, chigubu chomaliza chinafika miyezi isanu. A Ayubu ankangowonjezeramo madzi mpaka thovu linasiya kutuluka. M'kabotolo muja munatsala fungo lokwanira kupangira kamodzi kokha, ndipo iwo ankaopa kulikhudza.

Lachisanu lina pobwera kumzikiti, anapeza mwana wawo Layla atakhala pafupi ndi ndowa yaikulu, kope limene mayi ake ankalembamo kapangidwe ka sopo lili pamwendo. Kabotolo kanali pansi, kopanda kanthu.

"Shikamoo, baba. Ndapanga sopo wa amayi," anatero m'Chiswahili. Chichewa ankamva pang'ono, koma kuyankhula chinkamukakamira pakhosi. "Kungoti sakulimba. Waoneka ngati phala la mwana wodwala."

A Ayubu anawerama n'kununkhiza. Anali a Mwanakheri enieni.

"Mawa alimba, mama," anatero, n'kutuluka kukaona zovala pachingwe, ngakhale panalibe chovala chawo.

Mawa lake sanalimbe. Pofika tsiku lachitatu, ndi kutentha kwa mu Dar, ndowa ija inayamba kuwira yokha. Fungo labwino lija linamira, m'nyumba munadzaza losasa ngati la thobwa logonera.

"Tandiwerengera zomwe unathira," anatero a Ayubu.

Layla anatsegula kope, chala chikutsata mizere. "Madzi malita makumi awiri. Salfoniki. Soda. Mchele makapu awiri. Ndinaunyika kaye, kenako ndinaupera ndi blenda ya anti Dafroza oyandikana nafewa."

"Unaupera? Umasungunuka wokha uja."

"Aa, baba, inunso! Mchele kusungunuka? Ndinatenga wabwino uja wa ku Mbeya, womwe timasungira alendo."

A Ayubu anatenga kopelo. Malemba opendekera aja ankawadziwa bwino. Akazi awo sankasiyanitsa l ndi r polemba, ngati anthu ambiri a kwawo ku Namwera. Iwo ankanena mchere, umene umalimbitsa sopo wamadzi. Koma m'Chiswahili mchele ndi mpunga, ndipo mwana wobadwira kuno anathira mpunga.

Anakhala pampando, kope lili m'manja. Layla ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina anabwera kusukulu akulira, anzake akumuseka kayankhulidwe, akumukuwiza kuti Mnyasa. Tsiku lomwelo a Ayubu analamula kuti m'nyumba muno tiziyankhula Chiswahili basi. A Mwanakheri sanatsutse. Chichewa chawo anachisiyira m'kope, ndi pomwe ankakalipira amuna awo.

"Mama," anatero motsitsa mawu, "mchere ndi chumvi."

Layla anawayang'ana, n'kuyang'ananso ndowa. Anayamba kuseka, atagwira pakamwa, kenako mapewa anayamba kugwedezeka mwa mtundu wina.

"Chumvi! Ili pompa pashelefu, yodzadza chitini!" Anapukuta m'maso ndi mtandio wake wofunda kumutu. "Nanga bwanji simunandiphunzitse?"

"Ndinkayesa ndikukuthandiza."

"Sitingasefe ndi kansalu? Fungo lija mwina likadalimo pansi."

A Ayubu anavundula ndi mthiko waukulu wa akazi awo, n'kuubweretsa kumphuno. Anayesa kawiri. Anapukusa mutu.

Ananyamulizana ndowa ija, wina mbali iyi wina iyo, mpaka kungalande ya kuseri kwa nyumba. Anathira pang'onopang'ono kuopa kudzithimbiritsa. Thovu linatuluka lambiri ndithu, loyera, n'kulowa pansi pa matabwa owolokerapo.

Mbale za nkhomaliro zinali zikudikira. A Ayubu anavala kofia n'kupita kusitolo ya a Sudi, munthu wa kwawo, pakona.

"Sopo? Inu, achimwene?" anatero a Sudi akuseka. "Zaka zonsezi mwakhala mukundithawitsira makasitomala ndi sopo wa alamu anga aja!" Kenako anadzigwira, n'kufunsa pansipansi, "Watha uja?"

"Watha."

"Ndikupatseni wa mandimu kapena wa maluwa?"

A Ayubu anayang'ana mabotolo a sopo pashelefu kanthawi.

"Mulipo wopanda fungo?"