Jekete la a George Ackroyd

Lorraine anakhuthulira thumba la zovala patebulo n'kuyamba kutembenuza makolala. Chovala chilichonse chinali ndi kansalu ka dzina, monga amachitira kunyumba ya okalamba kumene bambo ake anamwalirira Lachiwiri. George Pickles. George Naylor. George Pickles kachiwiri. Za bambo ake, a George Ackroyd, zinali malaya atatu ndi juzi basi. Jekete labulawuni lomwe ankapita nalo kutchalitchi zaka makumi anayi munalibe, ndipo okonza maliro ankafuna zovalazo mawa lake.

"Ingowapatsa juziyo," anatero mchimwene wake Clive, akupaka batala pa buledi. "M'bokosimo akawaona ndani?"

"Ndikawaona ine. Iwe chaka chonse unabwera kawiri, lero ndiye uzilamula?"

"Zovalazo ndasokoneza ndine? Kadandaule kwa agogo, anatola dzina la aliyense."

Chomupweteka Lorraine chinali chakuti Clive sankanama. Chaka chomwe mfumu George inavekedwa ufumu, azimayi a m'tauni yawo anachita ngati maina ena atha m'sitolo. Bambo ake ankanyadira kuti dzinalo ndi la Chigiriki, lotanthauza mlimi, chonsecho anakalambira m'fakitale ya ubweya, khasu osaligwirapo. Ndiye a George atatu anadzakumana m'nyumba imodzi, ochapa n'kumaona zakuda.

Anakwera basi mtima uli fwaa, mawu okalipa atakonzeratu. Atangolowa m'chipinda chochezera analiona jeketelo. Inalivala nkhalamba yowonda imene inkasinza pawindo.

"Zina timasokonezadi, sindikana," anatero Denise, wosamalira okalamba, atamukokera pambali. "Koma ili ayi. Awo ndi a George Naylor. Anabwera nthawi yozizira ndi malaya okha, alibe m'bale. Ukawapatsa chinthu amakana, ati iwo si opemphetsa. Bambo anu anabwereka sizasi yanga, n'kukaponya jeketelo kochapira. Litabwera anawauza kuti, 'Lalembedwa George. Nanga inu ndinu Mary? Valani.'"

"Ndiye ine bambo anga ndiwaike atavala chiyani?"

"Mukafuna a Naylor ndiwavula. Ndi lanu."

Lorraine anakwiya nawo bambo akewo, monga ankakwiyira ali moyo, kuti ngakhale pa maliro awo omwe amusiyira chipsinjo. Anapita kuseri kwa mpando wa nkhalambayo n'kupinda kolala. Kansaluko anasokerapo ndi Lorraine yemweyo kalelo. Panatsala George yekhayo; pomwe panali Ackroyd panali podulidwa mokhotakhota, ndi dzanja lonjenjemera la bambo ake.

Nkhalambayo inadzidzimuka n'kugwira jeketelo pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Ndi langa ili, mwanawe. Werenga."

"Ndawerenga, bambo," anatero Lorraine. "Ndi lanu."

Anabwezera kolalayo pansi, n'kuisalaza ndi chikhatho mpaka inagona bwino.