Kuseri kwa Chinsalu cha Kanema

Galimoto ya kanema itabwera koyamba pa Nsipe, chaka cha 1954 anthu atangokolola, a m'mudzi wina wa kumtunda kuja amene anaonera anali awiri okha, ndipo onsewo anangoipezerera. Woyamba anali a Ngozo, amene anatsika kukasulitsa nkhwangwa. Wachiwiri anali mtengwa wawo Salome, mkazi wa mwana wawo Jasper uja ali ku Halale, amene anakatula dengu la kachewere kwa azakhali ake n'kugona komweko.

Tsono mumve. Salome anafika pabwalo mochedwa, dzuwa litalowa, chinsalu atachimanga kale pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu, anthu ali thithithi. Mpata unalipo umodzi wokha. Atayang'anitsitsa anaona kuti pambali pa mpatawo pakhala apongozi ake aamuna, chipewa chili pabondo. Mtengwa wa miyezi isanu akakhale mogundana mapewa ndi apongozi? Anabwerera mwakachetechete, n'kuzungulira, n'kukakhala pa chitsa kuseri kwa chinsalu. Kumeneko zithunzi zinkaoneka ndithu, poti nsaluyo inali yopyapyala. Koma chimkuzamawu chinaloza kutsogolo, injini ya magetsi ikulira pafupi ndi chitsacho, ndiye a Maynard, bambo amene ankamasulira zonena za azunguwo m'Chinyanja, Salome sanawamveko ngakhale liwu limodzi.

Zimene anaona n'zakuti panali mzungu wa chipewa chakuda, wina wa chipewa choyera, ndi mkazi wa tsitsi lofika m'chiuno. Wa chakudayo ananyamula mkazi uja n'kumukweza pa hatchi, wa choyera akuthamangitsa, mpaka hatchi inaterereka paphompho n'kugwera mumtsinje. Kanema n'kuthera pomwepo. Anthu akubalalika ankati gawo lachiwiri lidzabwera.

Kumudzi amayi anamuzungulira pamtondo. Salome akanangonena kuti sanamve kanthu, koma pa miyezi isanu yonseyo kanali koyamba kuti anthu asiye misi chifukwa cha iye. Ndiye anati wa chipewa chakuda dzina lake ndi Fanizo, malume ake a mkaziyo, ndipo anabwera kudzatenga mwana wa mlongo wake chifukwa mwamuna, wa choyera uja, ankamumana nsalu ndi mchere, komanso amayi ake atadwala sanamulole kukazonda. Tsiku lina anawonjezera kuti Fanizo anayenda masiku asanu ndi limodzi osadya. Tsiku linanso anati analumbira pamanda a mlongo wake. Nkhani inakula, inakafika kudambwe, inakafika kumowa. Emma wa kuseri kwa khola atabereka mwana wamwamuna, anamutcha Fanizo, ati adzakule ndi mtima wa malume.

Patapita miyezi itatu mphunzitsi analengeza kutchalitchi kuti galimoto ija ibweranso Loweruka ndi gawo lachiwiri. Mudzi wonse unati ukupita. Salome nsima inamukanika masiku awiri. A Maynard akangotsegula pakamwa, aliyense adzadziwa kuti mtengwa wa a Ngozo ndi wabodza, ndipo dzina lotere likakumata kuchitengwa silichoka ndi sopo.

Anayamba ntchito yogwetsa anthu ulesi.

“Zachiwiri sizikoma,” anatero ali kuchitsime. “Azakhali anamva kwa anthu a ku Balaka amene anaonera kale. Akuti ndi ndiwo zadzulo zongotenthetsa. Nkhope zomwe zija, hatchi yomwe ija.”

“Ife zadzulozo sitinalaweko, alamu,” anayankha Ida, mlongo wake wa Jasper, mtsikana wa pakamwa ngati lumo. “Inu munadya nokha. Tisiyeni tinyambite mphika.”

“Mtunda wonse uja? Ndi ana kumsana? Kukazizira mudzandikumbuka.”

“Nanga Fanizo? Munamusiya ali m'madzi. Simukufuna kudziwa ngati anavuuka?”

“Anavuuka. Munthu wabwino ngati uja angafe?”

“Ndiye tikamuone akuvuuka.”

Lachisanu Salome anati mutu ukumupweteka. Apongozi ake aakazi anamumanga kansalu pamphumi n'kunena kuti mphepo ya panjira imachiza mutu, ndipo popanda iye adzawalozera ndani kuti uyu ndi uje? Loweruka masana anatsika onse, amuna patsogolo, amayi pambuyo ndi mikeka ndi mbatata zootcha. Anafika dzuwa likadalipo, moti malo anapezeka bwinobwino, amayi mbali yawo, amuna mbali yawo. Salome anamukhazika kutsogolo kwenikweni, chimkuzamawu chili pamwamba pa mutu wake.

Anayamba ndi kanema wa kalimidwe ka mizere, monga mwa masiku onse, anthu akucheza osasamala. Kenako panatulukira mtsinje uja, ndipo wa chipewa chakuda anavuuka akukoka mkazi pa dzanja. Amayi a kumtunda anaimba nthungululu. Anthu a pa Nsipe anawacheukira modabwa.

“Mwamukumbuka, abale anga?” anafuula a Maynard. “Mbava ija siinafe ayi! Uyu ndi amene anaba mkazi wa mwini masanasana, mwamuna ali kudimba. Taonani masowo! Ameneyu musamusiyire ngakhale nkhuku yodwala.”

Nthungululu inadukira pakati.

“Mbava?” anafunsa Emma, mwana ali pabere. “Akunena ndani? Fanizo?”

“Mwina malume akubwera pambuyo,” anatero Ida, mokweza kuti mzere wonse umve. “Eti alamu? Achedwa ndi masiku asanu ndi limodzi aja.”

Salome sanacheuke. Anangoti maso pa chinsalu, poti kwina koyang'ana kunalibe. Ndiye poyang'anapo anayamba kumva. Ziboda za hatchi zinkamveka pamiyala. Mkazi uja anali ndi mawu, aang'ono, osasa. Wa chipewa choyera, amene Salome anamunyoza miyezi itatu, ankayenda mudzi ndi mudzi atanyamula nsapato imodzi ya mkazi wake imene anaitola m'mphepete mwa mtsinje, akufunsa aliyense, ndipo a Maynard apa anatsitsa mawu, osachitanso nthabwala. Kenako anamupeza mkaziyo m'khumbi la m'phiri atamangidwa manja. Anamasula chingwe, n'kugwada, n'kumuveka nsapato ija. Salome anaiwala Ida, anaiwala Emma. Anadzidzimuka nyale zitayaka.

Usikuwo ena anagona kwa abale, ena pakhonde la sukulu. M'mawa akukwera phiri mlandu unayamba. Emma ankayenda patsogolo yekha. Atafika pamtsinje pomwe amuna anakhala kupumula, Ida anatula mkeka.

“Bambo,” anaitana, “inu ulendo woyamba uja munalipo. Munamva ndi makutu anu. Tiuzeni, wa chipewa chakuda uja anati ndi malume kapena mbava?”

Salome anapatuka n'kukagwada patali, kumbuyo kwa amayi, nkhope atalozetsa kutchire monga amachitira mtengwa. Anadziwa kuti basi zake zada.

Koma pali chimene Salome sankadziwa, Ida sankadziwa, ndipo chinadzamveka patapita nthawi kuchokera kwa mkazi wa wosula zitsulo. Tsiku loyamba lija a Ngozo anadikira nkhwangwa yawo ali ndi chipanda cha mowa m'manja kuyambira masana. Pofika pabwalo anaonerako mizere iwiri ya kanema wa ulimi, n'kugona mpaka anthu kuwadzutsa. Nkhani ya Fanizo anaimva kwa akazi awo, ndipo miyezi itatu yonse anakhala akuifotokoza pamowa ngati yoona okha, n'kuwonjezeranso kuti Fanizo anali ndi ng'ombe makumi anayi.

A Ngozo anatsokomola. Anatola kamtengo n'kuyamba kuchotsa matope ku nsapato. Amuna anzawo a pamowa anali pomwepo, akudikira.

“Wa chimkuzamawu uja wasintha mawu,” anatero, akuyang'ana mtengo wa mkuyu. “Ulendo uja sananene choncho.”

“Ndiye kuti ananama dzulo?” anafunsa Ida.

“Kaya ananama, kaya anaiwala. Munthu woyenda maboma onse, lero Dedza, mawa Ntcheu, angakumbuke malume a munthu aliyense? Ndiponso chipewa chija si chomwe chija. Choyamba chinali chachikulu.”

Mkulu wina anavomera kuti nayenso anaona kuti mzunguyo akuoneka wonenepa kuposa mmene a Ngozo ankamufotokozera. Wina anati azungu amatero, chinthu chikakoma koyamba amangosonkhanitsa anthu ena n'kuwaveka zipewa kuti galimoto ipeze poyendera. Emma anamasula mwana, n'kumuyang'ana, n'kumuberekanso.

“Ndiye uja si Fanizo,” anatero.

“Si iyeyo,” anatero a Ngozo, n'kuimirira.

Pofika kumudzi nkhani inali itapsa kale. Otsala kunyumba anauzidwa kuti sanaphonye kanthu, gawo lachiwiri n'lachabechabe, angowononga nkhani yabwino, ndipo Salome ananeneratu koma anthu samva. Nkhalamba ina inamuyamikira kuti ndi mwana wa maso.

Ida yekha ndi amene sanakhutire. Madzulo akutsuka mbale anamuyandikira.

“Alamu, pa nsapato paja munalira. Ndinakuonani.”

“Unali utsi wa injini.”

“Injini inali kuseri kwa chinsalu.”

Salome anapitiriza kukwecha mphika. Ida anamuyang'ana kanthawi, n'kuseka pang'ono, n'kunyamula mbale kulowa nazo m'nyumba.

Pamtondo amayi ankapemphabe nkhani ya Fanizo, ndipo Salome ankaifotokoza, koma mwachidule, osawonjezeranso kanthu. Wina akafunsa za gawo lachiwiri ankati, “Aa, zimene zija,” n'kukweza musi. Gawo limenelo ankalidziwa lonse, mawu ndi mawu, ndipo sanalifotokozerepo munthu.