Kumpoto Kukana Kukhala Malo Amodzi

Bedi la ukwati wa mlongo wanga Tanmoy linafika m'mawa pangolo, mphatso yochokera kwa apongozi ake. Linali lamtengo wolemera, losemedwa mbalame kumutu. Madzulo a tsiku lomwelo achibale a mkwatibwi amabwera kuphwando, ndipo mwa mwambo wa kwathu kuno ku Bengal amayenera kukwera kuchipinda cha pamwamba kukaona bedilo litayalidwa, maluwa atapachikidwa. Amayi anandituma ine.

"Jhuma, akalipeza lili pakhonde, ine ndilowa pansi ndi manyazi," anatero, n'kubwerera kukakazinga nsomba.

Asuweni athu awiri amphamvu analikweza bwinobwino. Vuto linayamba litalowa m'chipinda.

Amalume Nirapada, achimwene awo a amayi, anatulukira ndi kampasi, kachipangizo kolozera kumpoto, m'manja. Iwo salola munthu kugona mutu uli kumpoto. Amati dziko ndi maginito, ndiye limakoka chitsulo cha m'magazi n'kuchiunjika m'mutu. Kumbuyo kwawo kunali bambo aang'ono Haradhan, amene anaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka imvi mbuu. Ndiwo anatilera bambo athu atamwalira, ndipo Tanmoy amamuyesa mwana wawo weniweni.

"Alamu, mwabweranso ndi kawotchi kanu kosaliraka?" anafunsa bambo aang'ono.

"Kawotchi kameneka kapulumutsa mitu yambiri, alamu. Wanuwo tinachedwa nawo."

Bambo aang'ono anatsika, n'kubwera ndi maginito akuluakulu amene anachotsa m'wailesi yakale. Anawagunditsa pamphumi pa amalume.

"Nanga magazi anu abwera?"

Amalume anatsinzina. "Ndikumva kanthu kakuyenda."

"Ndi thukuta limenelo."

"Ndiyankheni kaye ichi," anatero amalume. "Maginito anuwa amakoka msomali ndi chiyani? Chingwe chake chili kuti?"

"Palibe chingwe. Pali mphamvu yozungulira maginitowo, yosaoneka ndi maso."

"Eya! Ine ndikanena zosaoneka, akuti zikhulupiriro za kumudzi. Inu mukanena zosaoneka, akuti sayansi, boma n'kukupatsani mpando."

"Zanga zimayezedwa!"

"Zanganso. Si iyi kampasi?"

Ndinawapempha kuti mkangano autsirize mawa. Amalume anaika kampasi pakati pa bedi. Dzuwa linali litabisala m'mitambo sabata yonse, ndipo nyumba yathu inamangidwa mopotoka motsata msewu, choncho panalibe wotsutsa kasingano ka m'kampasimo. Kanaloza kukhomo, kumene kunaima bambo aang'ono.

"Kumpoto ndi uko. Mutu ukhale kuwindo," analamula amalume.

Asuweni anatembenuza bedi. Apo bambo aang'ono anaitanidwa pansi kukamwa tiyi. Amalume poyezanso anapeza kasingano kakuloza kuwindo.

"Iii! Tinalakwitsa. Bwezani, ana inu."

Anabweza, akubuula. Bambo aang'ono atabwera ndi kapu yawo n'kutsamira pakhomo, kasingano kanatembenuka ngati galu woona mbuye wake.

"Amalume, kumpoto kwanuku kwamwa chiyani?" anafunsa msuweni wina, akupukuta nkhope.

"Khala chete iwe. Dziko limapuma, nthawi zina limagwedera."

Ine ndinayang'anitsitsa. Bambo aang'ono akasuntha pang'ono, kasingano kamatsata mimba yawo. Thumba la malaya awo linali litalendewera. Ndinawakokera kunja kwa chipinda.

"Bambo, muli ndi maginito m'thumba."

"Tsitsa mawu, mwanawe," ananong'ona, maso akuwala ngati mwana woba shuga. "Kumpoto kwenikweni ndi kuwindo, ndakhala ndikuona nyenyezi padenga pano chibadwire. Bedi liloze komweko. Chaka chikatha, Tanmoy ali wonenepa, mwina ndi khanda, ndidzawaitana alamu anthu ali pomwepo ndi kuwaululira. Ndadikira tsiku limeneli zaka zambiri."

Ndinayang'ana kunja. Ophika anali atayamba kale kuyala masamba a nthochi odyerapo. Kwa ine, bedi likanaloza ngakhale kumwamba, bola litaima.

"Imani pamenepo, musasunthe," ndinawauza.

Anaima pakhomo ngati mtengo, amalume anayeza n'kukhutira, mutu wa bedi unapita kuwindo. Tinamanga nsungwi m'ngodya zonse, tinapachika zingwe za maluwa oyera mpaka chipinda chinanunkhira, ine ndinayala nsalu yatsopano. Ndinapuma.

Kenaka Tanmoy analowa, atavala kale zaphwando. Anali asanagone bwino masiku atatu chifukwa cha ng'oma ndi alendo. Anadziponya pabedi, n'kutseka maso.

"Mutu ukundilemera," anatero.

Bambo aang'ono anaika kapu pansi n'kumuyandikira.

"Ukulemera bwanji? Kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Ponseponse, bambo. Ngati muli mwala."

"Wayamba liti?"

"Kaya. Ndaumva pompano ndagonamu."

Bambo aang'ono anamugwira pamphumi, anamutsegula chikope, anamugwira pamkono. Nkhope yawo inali itagwa.

"Dzuka, mwana wanga. Dzuka msanga. Anyamata, tembenuzani bedi."

"Zosatheka," anatero amalume. "Mukufuna mutu wa mwana uloze kukhomo? Kumpoto kumeneko? Ndili moyo ine?"

"Pawindo pali mphepo, alamu."

"Titseka windo."

"Pali udzudzu."

"Udzudzu ulibe mbali, alamu, umaluma kum'mawa ndi kumadzulo komwe."

Bambo aang'ono anagwira thumba la malaya awo. Anatuluka, anatsika masitepe, ndipo tinamva chitsulo chikugwera m'ndowa pansi. Anabwera manja ali m'mbuyo.

"Tayezaninso kamodzi, alamu. Paja munati dziko limagwedera."

Amalume anayeza. Kasingano kanaloza kuwindo, n'kukhala phee. Anafuula ngati aponda moto.

Nthawi yomweyo pansi panamveka nthungululu. Achibale a mkwatibwi anali pachipata.

Tonse tinagwira bedi, ndi mkwati yemwe. Koma tsopano linali ndi nsungwi zake ndi maluwa ake, ndipo aliyense amakokera kwake, amalume akulamula kumanja, bambo aang'ono kumanzere. Litafika pakati paulendo, linapingasa chipinda, mutu kukhoma ili, miyendo kukhoma ilo, n'kukanirira. Tinakankha, tinakoka, osasuntha ngakhale pang'ono. Mapazi a alendo anali akumveka pamasitepe.

Amalume anaika kampasi pansalu.

"Kum'mawa," anatero. "Mutu uli kum'mawa. Kumeneko ndiye kwabwino kuposa konse!"

Ndinatola maluwa ogwa n'kuwamwaza papilo. Bambo a mkwatibwi anasuzumira, anaona bedi lawo litadzaza chipinda khoma ndi khoma, ndipo anasangalala kwambiri.

"Ndinamuuza kalipentala kuti asaumire matabwa," anatero monyadira.

Bambo aang'ono anali atatsekeredwa kuseri kwa bedi, kuwindo, pamodzi ndi amalume. Ndinamva amalume akunong'ona.

"Ndiye mwakhulupirira, alamu."

"Sindinakhulupirire kalikonse. Ndati pali mphepo."

Kenaka bambo aang'ono anaweramira kwa Tanmoy.

"Mutu uja uli bwanji?"

"Ndili ndi njala chabe, bambo."

Nkhalamba ziwirizo zinatuluka chokwawa, kudzera pansi pa bedi.