Mzere wa Tayala la a Nampuntha

Mzerewo unali woonda ngati ulusi. Unkachoka pakhomo pa a Nampuntha, kudutsa pansi pa mthethe, n'kulowa mumsewu wa mchenga wopita kumsika wa Likhutcha. Pamenepo unkayamba kukhotakhota ngati njoka yomenyedwa pamsana, kenako unkazama, kenako pambali pake pankaoneka mapazi a munthu. Njinga yakana, mwiniwake watsika, akukankha. Tsiku lililonse mchenga unkanena zomwezo.

Kuno ndi kuchigwa. Mchenga uli mbee, thambo lili mbee, mphepo ya chilimwe imanyamula fumbi n'kulibweza pomwe yalitenga. Kulibe phula, kulibe mwala. Ngolo zimadutsa, ng'ombe zimadutsa, akabaza amadutsa ndi matayala awo onenepa. Njinga ya a Nampuntha yokha ndiyo inkamira.

Sinali njinga ya kuno. Anaigula ku Limbe ali mesenjala, njinga yopepuka, ya zogwirira zopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala oonda ngati chala. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri anakhala pachikamwini kwa Mpulula, mudzi wa m'mbali mwa msewu wa phula. Paphulapo njingayo inkaimba. Ndipo pakanjira ka fumbi kochoka kumsewu kukafika kunyumba inkasiya mzere womwe panalibe wina ankausiya. Esinati, mkazi wawo, pochokera kudimba ankangoyang'ana pansi n'kudziwa kuti mwamuna wake wabwera. Alamu ankadziwa. Mudzi wonse unkadziwa.

Esinati anamwalira chaka chatha. Maliro atatha, akuchikazi anachita zomwe mwambo umanena: anawasudzula. Panalibe mkangano. Nyumba ndi ya ana, munda ndi wa mbumba, mkamwini ali ndi kwawo. A Nampuntha anamangirira bulangeti, khasu ndi wailesi panjinga n'kubwerera kuchigwa komwe anachokako ndevu zisanamere. Anakapeza kuti owadziwa ambiri ali kumanda. Mlongo wawo anawapatsa kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi. Pakhomopo pali zii. Nkhuku ikadutsa, imeneyo ndi nkhani.

Kenako uthenga unafika: Loweruka akumanga chiliza pamanda a Esinati. Kuchoka kuno kukafika paphula ndi maola atatu kwa munthu wokankha njinga, ndipo mawondo a zaka makumi asanu ndi awiri sangathenso zimenezo. Mlongo wawo anati akwere kabaza. Koma munthu amene wapalasa yekha moyo wake wonse sakafika kumanda a mkazi wake atakhazikidwa pakeliyala ngati thumba la nandolo.

Lachinayi anaikankha njingayo mpaka pa Likhutcha, kwa Mwandira, wokonza njinga pansi pa mkuyu. Mwandira anaizungulira kawiri.

"Madala, tayala lonenepa pa limu iyi silingalowe. Lizikhula foloko."

"Ndinaona kale. N'chifukwa chake ndabwera."

"Ndiye tichotse malimu onse awiri, tiike ocheperapo. Limu ikachepa, tayala limatsikira pomwe foloko yatakasuka. Koma sidzathamanganso ngati kale."

"Ine mukundiona ndikuthamanga?"

Mwandira anaseka n'kutenga sipanala. A Nampuntha anakhala pamuzu wa mkuyu, manja pamawondo. Anaonerera masipoko akumasulidwa limodzilimodzi, n'kuunjikidwa pansi ngati mapesi. Anaonerera malimu aakulu aja atatsamira mtengo, opanda kanthu pakati, msika wonse ukuonekera mkati mwake. Anaonerera masipoko aafupi akulukidwa, limu yatsopano ikuzungulira, Mwandira akuiwongola ndi diso limodzi. Matayala atapopedwa anali bii, onenepa ngati mkono wa munthu wolima. Analowa. Panatsala mpata wa chala mbali ino ndi mbali inayo.

Mabuleki ndiwo anatsalira m'mwamba. Limu inali itatsika, koma mphira zake zinali pomwe zinazolowera. A Nampuntha anadzuka n'kufinya chogwirira. Mphira ziwirizo zinayandikana, zinafunafuna, zinagwira mphepo. Anafinyanso. Zinagwiranso mphepo. Anaima choncho kanthawi, akuyang'ana timphira tija tikutsekera pamalo pomwe kale panali chinthu.

"Ndiikapo mabuleki a mikono yaitali," anatero Mwandira. "Ndili nawo a njinga ina yakufa. Nanga malimu akalewa mutenga?"

"Ndikachite nawo chiyani? Asiyeni pomwepo."

Loweruka, dzuwa litangotuluka psuu kuseri kwa migwalangwa, a Nampuntha anamanga mwendo wa buluku ndi luzi n'kukwera. Anadutsa pansi pa mthethe. Analowa mumchenga akudikira kuti njinga igwedeze mutu monga mwa masiku onse. Sinagwedeze. Inali yolemera, inali yaulesi, inali yotsika pang'ono moti phedulo nthawi zina linkapsopsona udzu, koma inkayenda. Mchenga unkalira seee pansi pake n'kuilola kudutsa. Anadutsa dambo louma, anadutsa zitsa za mapira, anadutsa amayi osenza nkhuni omwe sanacheuke chifukwa panalibe chachilendo choti aone. Thukuta linatsika m'khosi. Mawondo anadandaula, koma sanakane.

Paphula njingayo sinaimbenso. Inkangong'ung'udza ngati njuchi zili m'mphanga. Iwo sanaikakamize.

Kwa Mpulula anakhota pakanjira kaja n'kukaimika njinga pansi pa mtengo wa mango womwe anabzala okha. Anthu ambiri anali atapita kale kumanda ndi simenti ndi njerwa. Patapita nthawi Filesi, mng'ono wake wa Esinati, anatulukira ndi ndowa pamutu. Anaima njii.

"Alamu! Mwafika nthawi yanji? Ine ndadutsa panjirapo kawiri ndikuyang'ana pansi. Ndawauza anthu kuti simunabwere."

"Ndabwera."

"Nanga mzere wanu uja?"

"Unatsala kumchenga."

Filesi anayang'ana njingayo, anayang'ana matayala, anatula ndowa n'kuwatungira madzi m'chikho. A Nampuntha anamwa, anapukuta pakamwa, n'kucheukira kukanjira komwe anadzera. Fumbi linali litadzaza mizere ya alendo, yonse yotakata, yonse yofanana, yopondana. Anaufunafuna wawo. Sanaudziwe. Amene ankauwerenga bwino anali atagona kuseri kwa mitengo uko, akudikira njerwa. Anamasula luzi kumwendo, analipinda, analiika m'thumba, n'kutsatira mlamu wawo kumanda.

Kuchigwa, dzuwa linali litafika pamutu. Mchenga unali mbee. Kuchokera pakhomo la kumapeto kwa mudzi, kudutsa pansi pa mthethe, kulowa mumsewu, munali mzere watsopano, wotakata ngati chikhatho cha khanda, wofanana ndi wa aliyense. Sunkanena dzina la munthu. Koma unali wowongoka, sunakhote, sunazame, ndipo kuchoka pakhomo kukafika paphula, pambali pake panalibe phazi ngakhale limodzi.